Dzino Limene Linagwetsa Abambo

Ndikakumbukira chigwa cha Domasi cha ubwana wanga, choyamba kuoneka m'maso mwanga ndi matabwa. Amatulukira mu nkhungu ya m'mawa wa mwezi wa Juni ngati akuyenda okha m'malere, oyera, ataliatali, akugwedezeka kunsonga, ndipo pamapita kanthawi munthu amene wawasenza asanaoneke. Munthuyo ndi abambo anga, akutsika m'phiri la Malosa kumene agona masiku angapo akucheka, nkhata ya nsanza ili pamutu, malaya atawamanga m'chiuno, thukuta likutsetsereka m'khosi pamene ife tonse tikunjenjemera ndi chisanu. Asanafike pabwalo timayamba kumva fungo la utomoni wa paini, kenako matabwa aja amagwera pansi ndi phokoso lobalalitsa nkhuku. Anzawo ankasenza matabwa ochepa, olingana ndi khosi la munthu, koma abambo ankangouza womangirira kuti awonjezere mpaka luzi litatha. N'chifukwa chake kuyambira ku Mishoni mpaka ku Songani dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Aliyense ankangoti a Thalakitala.

Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 3, m'zaka zoyambirira za m'ma 1980, ndipo ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti pansi pano palibe chimene chingawagwetse abambo. Mphamvu zawo sizinali m'mapewa mokha. Zinalinso m'mano. Mano amenewo anali chida chawo chachitatu pambuyo pa sowo ndi nkhwangwa. Ankatsegulira mabotolo pa ukwati anthu akusakasaka chotsegulira, ankadulira chingwe, ankang'ambira luzi, ankagwirira misomali akamakhoma denga. Nzimbe ankaisenda ndi kukoka kumodzi, khoko lonse n'kutuluka lathunthu ngati lamba, ndipo ana a m'mudzi tinkawazungulira kuti tione zimenezi monga anthu amazungulirira wamatsenga pamsika. Koma mano omwewo sindinawaonepo akutsukidwa. M'mawa abambo ankatapa madzi pang'ono, kuchukucha kamodzi, kulavulira patsinde pa nthochi, basi yatha. Wina akawapatsa kamtengo kotsukira mano ankaseka n'kufunsa ngati alipo amene anakumanapo ndi nyalugwe atanyamula mswachi. Ndipo shuga ankamukonda ngati nyerere. Tiyi wawo ankachita kumata milomo, ndipo popita kuphiri ankatenga maswiti a tofi odzaza thumba. Ankati kumtunda kuja kumazizira koopsa, ndiye munthu amagona bwino kutsaya kukakhala kanthu kotsekemera kosungunuka pang'onopang'ono mpaka kucha.

Chisanu cha chaka chimenecho chinali cha nzimbe zambiri. M'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi zinachita kugwerana, ndipo njira zonse zinayera ndi zotafuna zolavulidwa, njuchi zikuzungulira pamwamba pake. Tikaweruka kusukulu tinkathamangira kutunga madzi ndi kutola nkhuni kuti tipeze nthawi ya phada ndi fulaye, ndipo aliyense ankasewera dzanja lina litagwira mfundo ya nzimbe. Chakumadzulo utsi wa mapesi unkagona m'chigwa monse, wosakanikirana ndi fungo la mbatata zootcha paphulusa. Zala zathu zinkamata, milomo inkang'ambika ndi mphepo, ndipo tinkagona momwemo, mkamwa mukadali motsekemera. Kusukulu aphunzitsi ankayendera zikhadabo ndi mano Lolemba lililonse, choncho Lolemba m'mawa tinkaima pamtsinje n'kupukuta mano ndi chala chopaka phulusa, akutsogolo okhawo amene amaoneka munthu akamwetulira. Masiku enawo mano ankadzionera okha.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala Che Amidu, bambo wochepa thupi wa Chisilamu amene ankagulitsa mchere ndi matemba ku Songani. Iwowa kamtengo kotsukira mano sikankachoka m'thumba la mkanjo wawo. Asanapemphere ankakhala pakampando, ketulo ya madzi ili pambali, n'kumatsuka dzino limodzilimodzi mosafulumira, ngati munthu amene akupukuta mbale za alendo. Ife tinkaona ngati imeneyi ndi mbali ya mapemphero awo chabe, yosatikhudza ife opemphera ku Mishoni. Abambo ankawanena mocheza kuti manowo adzatha ndi kupala, ndipo Che Amidu ankangomwetulira n'kupitiriza kutsuka. Anali mabwenzi a ponda apa nane mpondepo, ngakhale kuti wina akanatha kumunyamula mnzake ndi dzanja limodzi.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma. Chathuchi chinayamba ndi tizinthu timene ndinkationa koma osadziwa tanthauzo lake. Pa zotafuna za nzimbe zimene abambo ankalavula panayamba kuoneka timadontho tofiira. Akandinyamula kundiika paphewa, mpweya wawo unkanunkha ngati madzi oviikamo chinangwa, ndipo ndinkatembenuza nkhope mobisa kuti asaone. Kenako anayamba kutafunira mbali imodzi. Tsiku lina atamwa madzi a mumtsuko, ozizira aja, anangoima chiimire kapu ili m'manja, maso atatseka, ngati munthu amene akumvetsera kuitana kwa kutali. Amayi atafunsa, anati palibe kanthu. Koma dzino lotafunira lakumbuyo, lam'munsi kumanzere, linali litabooka kalekale, ndipo tsopano bowolo linali litafika pamoyo.

Za kuchipatala sankafuna kuzimva. Munthu wotsika ndi matabwa m'phiri akakaime bwanji pamzere pamodzi ndi amayi obereka ana n'kumanena kuti dzino likundipweteka? Choncho anayamba kumvera aliyense wodutsa pakhomo. Wina anati afinyiremo adyo, wina anati asinje asipirini athire pabowopo, wina anabweretsa fodya wa mphuno. A Nkoloma, mnzawo wocheka nawo, amene ankaima pansi m'dzenje abambo ali pamwamba pa chipika, anabwera ndi kabotolo ka madzi a m'batire ya galimoto, n'kuviikamo kamtengo ka machesi, n'kukalowetsa pabowo la dzinolo. Masana amenewo ndinamva abambo akubuula kuseri kwa nyumba, mawu amene ndinali ndisanawamvepo chibadwire, ndipo galu wathu anathawira kunsi kwa nkhokwe. Chodabwitsa n'chakuti patapita masiku ululu uja unaleka. Abambo anaseka, anati dzino lafa ndipo nkhani yatha, n'kutenga sowo yawo kubwerera kuphiri. Panalibe wotiuza kuti dzino likafa m'pamene choopsa chimayamba, chifukwa zowola zimatsikira kumuzu, kumene maso safika.

Ulendo umenewo anabwerako msanga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawaona akutsika m'phiri chimanjamanja. Tsaya lakumanzere linali litakwera ngati abisamo mango. Achibale anaitanitsa munthu wina wa kutsidya kwa mtsinje amene ankadziwika kuti amatulutsa mphutsi za m'mano. Anafika dzuwa lili pamutu ndi kathumba kachikopa, anasonkha makala m'phale, anaikapo khasu lakutha mpaka linafiira, kenako anathirapo njere za nthula ndi timafuta. Abambo anawafunditsa bulangete, atayasamula pa utsiwo, pansi pali mbale ya madzi. Atawavundukula, m'madzimo munkayandama tinthu toyera, topindika, tating'ono ngati nsonga za ulusi. Munthuyo anati timeneto ndi timene timawadya. Ana tonse tinapanikizana kusuzumira m'mbalemo, ndipo kwa masiku angapo ndinkaopa kumeza malovu anga omwe. Ndinadzamva nditakula kuti timphutsi timene tija tinali timitima ta njere zomwezo, timene timatumphuka njere zikapsa. Koma tsiku limenelo tonse tinakhulupirira, ndipo amayi anamuphera nkhuku mlendoyo.

Kutupa sikunamve. Kunatsika kuchoka kutsaya kupita kunsi kwa chibwano, n'kuwolokera mbali inayo, mpaka khosi ndi nkhope zinakhala chinthu chimodzi. Khungu linawala ngati lapakidwa mafuta, ndipo ukaligwira linali lolimba gwa, lotentha ngati mwala wa padzuwa. Nsagwada zinagwirana moti supuni sinkalowa. Lilime linakankhikira kumtunda, malovu ankangoyenderera pachifuwa chifukwa kumeza kunkakanika, ndipo abambo sankathanso kugona chagada. Anakhala pakhonde atatsamira khoma, mutu atauweramitsira kutsogolo, akupuma ngati sowo yobuntha ikudutsa m'chipika chonyowa. Ine ndinkakhala pambali pawo ndi nthambi ya bulugamu kupirikitsa ntchentche. Ndinkawayang'ana ndi mantha osakanikirana ndi kuzizwa, kufunafuna abambo anga m'nkhope imeneyo, ndipo ndinkawapeza m'maso mokha. Anthu ankabwera, kukhala pamphasa, kunong'onezana. Ena ankati ocheka anzawo achita nsanje, ena ankati anadula mtengo wa mizimu. Palibe amene ankatchulanso dzino. Kanthu kakang'ono chotero kankaoneka kuti sikangakwanire kufotokoza zimene tinkaonazo.

Masiku onsewa Che Amidu anali ku nyanja ya Chilwa kogula matemba. Anabwerako m'mawa wina njinga itadzaza, ndipo atamva kwa akazi awo anabwera kwathu asanamasule n'komwe katundu. Anagwada patsogolo pa abambo, kumvetsera kapumidwe kawo kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa amayi.

"Alamu, awa dzuwa la lero lisawalowere pakhomo pano."

Amayi anayang'ana abambo. Abambo anapukusa mutu pang'ono, kukana.

"Achimwene," anatero Che Amidu motsitsa mawu, "mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ngati mukufuna kundikwiyira, mudzandikwiyire mutachira. Panopa tikunyamulani."

A Nkoloma anathamanga kukaitana ocheka anzawo. Anatenga matabwa amene anali pabwalo, kukhomerera timitanda, kuyalapo bulangete, n'kuwakhazika abambo chokhala, amayi atawagwirira kumsana. Amuna amene anawanyamula ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha kulemera kwawo. Ine ndinkatsatira m'mbuyo nditasenza mtolo wa mbale ndi zovala. Sindidzaiwala bata limene linali m'njira imeneyo. Amayi a pachitsime anatula zidebe zawo n'kuima. Anyamata oweta mbuzi anasiya mluzu. Amuna okonza njinga pansi pa mtengo wa mango anavula zipewa ngati kukudutsa maliro. Anthu onsewa anali atazolowera kupatukira pambali a Thalakitala akamadutsa ndi katundu, ndipo tsiku limenelo anapatukanso, koma wosenza uja ndiye anali atasenzedwa. Titafika pamsewu wa tala Che Amidu anakaima pakati penipeni, mkanjo ukuuluka ndi mphepo, mpaka lole ina ya njerwa yopita ku Zomba inaima. Anawakweza pamwamba pa njerwazo, amayi ndi Che Amidu anakwera nawo, ndipo ndinatsala ndi a Nkoloma tikuyang'ana fumbi lofiira la njerwa mpaka linazimirira.

Ndinakakhala kwa Abiti Yusufu, akazi a Che Amidu, n'kumagona pamphasa imodzi ndi ana awo. Masiku amenewo ndinkakhala khutu lili kumsewu. Belu la ku Mishoni likalira pa nthawi yosazolowereka mtima wanga unkaima, ndipo munthu aliyense wobwera panjinga kuchokera ku Songani ndinkamuyang'ana nkhope kuti ndione ngati wanyamula uthenga. Abiti Yusufu sankandifunsa zambiri, ankangondichulukitsira ntchito: kusankha mpunga, kusenda nandolo, kuyanika matemba pathandala. M'mawa woyamba, pogawira ana awo timitengo totsukira mano, anandipatsa kanga ngati kuti ndinali kulandira tsiku lililonse. Anandionetsa kutafuna nsonga yake mpaka itanyenyeka ngati katsache, kuiviika m'makala osinja osakaniza ndi mchere, n'kuyamba kumbuyo kwenikweni kumene chala changa chinali chisanafikeko. Nditalavula ndinaona magazi, ndipo ndinayamba kulira poganiza kuti matenda a abambo andigwira. Iwo anandigwira chibwano n'kusuzumira. "Usaope, mwanangu. Ndi nkhama zikudandaula kuti unaziiwala. Ukamatsuka m'mawa ndi pogona, zisiya." Zinasiyadi. Ndipo ndimakumbukira mmene ndinkayendetsera lilime pa mano anga popita kusukulu, kudabwa kuti kodi mano a munthu amatha kusalala chonchi, ngati timiyala ta mumtsinje.

Uthenga unabwera ndi Che Amidu eni ake, woti abambo apulumuka. Loweruka lotsatira ananditenga pabasi kupita ku Zomba, ulendo wanga woyamba wa m'tauni. Za m'tauniyo sindikumbukira zambiri. Chimene chinatsalira m'mphuno mwanga ndi fungo la chipatala, la mankhwala opukutira pansi ndi la nyemba za odwala. Abambo ndinawadutsa osawazindikira. Anali pabedi lakukhoma, atatsamira mapilo, botolo la madzi likulendewera pamwamba pawo. Nkhope inali itaphwa, koma thupi lonse linali litaphwa nayo, moti mapewa aja anatsala ngati mtanda wopachikapo malaya. Kunsi kwa chibwano anawang'amba malo awiri n'kulowetsamo timapaipi ta labala kuti mafinya azituluka. Amayi anandinong'oneza kuti tsiku loyamba mafinyawo anadzaza kambale kachitsulo, ndipo fungo lake linatulutsa panja odikirira odwala. Dzino lija analizula, pamodzi ndi ena oyandikana nalo amene anali atayamba kugwedera. Kenako amayi anamasula mfundo ya chitenje chawo n'kutulutsa kapepala. M'kapepalamo munali kanthu kakuda, kobooka pakati, kosafika pa njere ya nzama. Ndinakayang'ana nthawi yaitali. Ndinkayembekezera chinthu chachikulu, chokhala ndi minga kapena nyanga, choyenera kulimbana ndi munthu ngati abambo. Koma kanali komweko, kopepuka ngati khoko la mtedza, ndipo ndiko kanachita zimene phiri lonse la Malosa linalephera.

Tili pomwepo panafika dokotala wa mano, bambo wachinyamata wovala magalasi, kudzaona mabala. Amayi anamufunsa mwaulemu ngati mphutsi zonse zinatuluka. Sanaseke. Anakhala pansonga ya bedi n'kuyankha moti ngakhale ine ndinamva.

"Mayi, m'mano simukhala mphutsi. Mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya zotsalira za chakudya, makamaka shuga, ndiye timatulutsa zowawasa zimene zimaboola dzino pang'onopang'ono. Munthu akamatsuka m'mawa ndi pogona, timasowa chakudya. Akapanda kutero, bowo limafika kumuzu, mafinya amasowa kotulukira, ndiye amatsikira m'khosi. Bambowa njira yawo ya mpweya inatsala pang'ono kutsekeka."

Abambo ankamvetsera maso ali padenga. Chifikire changa anali asanayankhule, chifukwa nsagwada zinali zisanamasuke. Koma dokotala atanyamuka kuti azipita, abambo anakweza dzanja limene linalibe singano, kuloza ine, n'kutulutsa mawu m'kati mwa mano, otsika ngati ochokera m'dzenje.

"Adokotala, mwanayu. Mumuoneko."

Dokotalayo anandilowetsa m'chipinda china mmene munali mpando umene unkakwera wokha akaponda chitsulo, ndi nyale yowala kuposa dzuwa la Okutobala. Dokotala anayendetsa kagalasi kozungulira mkamwa mwanga ndipo anapeza kabowo pa dzino lakumbuyo, kamene ndinali ndisanakamve kupweteka n'kamodzi komwe. Anakapala ndi kamakina kolira ngati udzudzu waukulu, n'kukamata ndi kachitsulo kotuwa. Sizinatenge nthawi yoposa kuphika tiyi. Pobwerera ku wodi ndinayasamula kuonetsa abambo, ndipo anayang'anitsitsa kachitsuloko, kenako anatseka maso. Misozi inatsikira m'makutu mwawo. Ndinali ndisanaonepo abambo akulira, ngakhale pa tsiku la madzi a batire lija, ndipo sindinamvetse chifukwa chake akulira pamene ine sindinamve ululu uliwonse. Ndinadzamvetsa nditabereka anga.

Abambo anatuluka m'chipatala nzimbe zitatha m'madimba, mphepo ya Ogasiti ikuzunguza fumbi m'mabwalo, mitengo ya m'phiri itatsala pang'ono kuphukira masamba ofiira. Lamba wawo anachita kuboolanso kuti agwire. Kwa nthawi yaitali ankadya phala, nthochi zakupsa ndi maungu ophwanya, ngati mwana woyamba kumene kudya. Kuchipatala anawauza kuti aziphunzitsa nsagwada kuyasamula, choncho anadzisemera kamtengo kopyapyala kunsonga, konga kamene ankakhomera m'chipika kuti sowo isapanike, n'kumakalowetsa pakati pa mano pang'onopang'ono, thukuta likutuluka pamphumi. Ndinkawaonerera akulimbana ndi kamtengo kameneko ndi khama lomwe lija ankakwerera nalo phiri. Tsiku limene supuni yodzaza inalowa bwinobwino amayi analuluta pang'ono, kenako anachita manyazi n'kulowa m'khitchini.

M'mawa wina ndinawaona akuyenda pang'onopang'ono kupita kumpanda. Che Amidu anali pakampando kawo, ketulo ili pambali. Abambo anaima kanthawi akukanda mutu, kenako anafunsa kuti timitengo tija amathyola kuti. Che Amidu sanakumbutse za kupala mano kapena chilichonse cha kale. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kamtengo katsopano, anakadula pakati ndi kampeni, n'kupereka. Kuyambira pamenepo pakhomo pathu panakhala lamulo limene abambo sanalilengeze. Kukacha, ndiponso tikatha kudya madzulo, ankatenga kapu ya madzi n'kupita patsinde pa nthochi, ndipo ife tinkatsatira. Pambuyo pake amayi anagula miswachi ya pulasitiki ku Songani, yamitundumitundu kuti tisasokoneze, n'kuisomeka paudzu wa denga la khonde. Mankhwala a m'chubu akatha tinkabwerera ku mchere, koma kutsuka sikunkadumpha. Maswiti a tofi sanapitenso kuphiri. Pa maukwati anthu akabweretsa botolo mwachizolowezi, abambo ankalibweza n'kunena kuti afunefune chotsegulira.

Mvula itayamba anabwerera kukacheka, ndipo anacheka zaka zambiri pambuyo pake, koma mphamvu zija sizinabwerere zonse. Ankasenza monga anzawo, n'kumapuma pamene anzawo akupuma. Mano amene anatsala anawasunga mpaka ukalamba, koma amene anapita anapita, ndipo nyama yootcha ndi chimanga chokazinga anazisiya akuzifuna. Masiku ano ndikapita kwathu ndimapeza phiri litayera m'malo ambiri, maenje a ocheka atakwiririka, ndipo ana sadziwa kulira kwa sowo ya anthu awiri. Miswachi ili lendelende m'golosale iliyonse, pafupi ndi maswiti ndi zakumwa zotsekemera zimene ife tinkaziona pa Khirisimasi pokha. Komabe m'minibasi ndimakumana ndi anthu atagwira tsaya, akunena kuti lisiya lokha, ndipo mtima wanga umabwerera pakhonde lija. Chisanu chimenecho chinandiphunzitsa kuopa zinthu zazing'ono zimene zimagwira ntchito mwakachetechete, ndi kulemekeza tintchito ta tsiku ndi tsiku timene palibe amene amakuyamikira ukatichita. Chinandiphunzitsanso kuti mphamvu za munthu zili ndi mitundu, ndipo mtundu umene ndinauona mwa abambo atachira ndi umene ndimauzizwa kwambiri tsopano.

Kunsi kwa chibwano chawo kunatsala zipsera ziwiri zokhuthala, zimene ndevu zinkakana kumerapo. Alendo ankaziona msanga. Pamsika wa Songani, pamaliro, pa sitolo yogulitsa matabwa, nthawi zonse pankapezeka wina wofunsa kuti chinawabaya pakhosi n'chiyani. Poona msinkhu wawo, wofunsayo ankakhala atayankha kale mumtima mwake: nguluwe ya m'phiri, sowo yopulumuka, kapena mpeni wa achifwamba. A Nkoloma, pofuna kuwasungira ulemu, nthawi zina ankafulumira kuyamba nkhani ya nguluweyo, ndipo ankaikometsa bwino. Abambo ankawasiya afike pakati, kenako ankawagwira paphewa. Ankayasamula pamaso pa anthu onse, kuloza mpata umene unatsala kumanzere, n'kunena kuti linali dzino, dzino limene sankalitsuka. Ambiri ankaseka poganiza kuti ndi nthabwala, ndipo abambo ankadikira mofatsa mpaka kuseka kutatha. Kenako ankamuyang'ana wofunsa uja m'maso n'kumufunsa modekha kuti, "Nanga inuyo achimwene, lero mwatsuka?"